Bedi la m'kaminibasi kanga

Abusa, akulu a mpingo, amayi ndi abambo, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Ndikufuna kuchitira umboni. Mundipirire.

Mukudziwa kuti mayi a kunyumba anatisiya. Ine ndinali mkamwini ku Mkanda. Njerwa za nyumba ija ndinaumba ndi manja awa, koma malo anali a eni ake. Titameta, achimwene a malemu anandisudzula mwaulemu: "Alamu, zikomo, mwamasuka." Ndinatuluka ndi sutikesi ndi kaminibasi kanga konyamulira mtedza. Kwathu ku Mlonyeni ndinachokako kalekale, malo anagawana. Munthu wa imvi ngati ine ndikapemphe pogona kwa adzukulu? Manyazi, abale anga, manyazi.

Ndiye ndinazula mipando yonse ya kumbuyo. Ndinapita kwa kalipentala wakutali wosandidziwa, nandikhomera thandala la matabwa. Pamwamba ndinaika matiresi, pansi pake poto, mbaula, ndowa ndi thumba la ufa. Jekete lomwe ndavalali ndinkalikoleka pa msomali kuseri kwa mpando wa dalaivala. M'mawindo ndinatchingamo zitenje za malemu.

Lamulungu lililonse ndinkaimika galimoto patali, kuseri kwa chigayo uko, n'kubwera kuno nsapato zili waliwali. Mukandifunsa kumene ndikukhala, ine ndinkati, "Ku boma, kwa m'bale wanga." Kunalibe m'bale, kunalibe.

Mukukumbuka tsiku lomwe mayi Phiri a kwaya anagwa pakhomo apa tikuweruka. Njinga zinalipo zambirimbiri, koma munthu wokomoka sakhala pa kaliyala. Abusa anafuula, "A Banda, thamangirani galimoto!"

Abale, ine ndinaima. Munthu akubanika, ine ndikuganiza za poto wanga wosatsuka. Makiyi ali m'thumba, pakamwa pakufuna kunena kuti mafuta mulibe. Taonani mmene manyazi amapusitsira munthu wamkulu! Koma Mulungu anandikankha, anandikankha ndithu, ndinangozindikira ndikuthamanga.

Nditafika nayo ndinatsegula chitseko, zonse n'kukhala poyera: bulangete, mswachi, ngakhale kabudula amene ndinayanika m'mawa. Mayi Zulu, awo akhala kutsogoloko, anali mnzawo wa malemu. Anayang'ana zitenje zija n'kuzizindikira, kenako anandiyang'ana ine. Ndinasowa kolowera. Iwo anangotembenukira kwa anzawo n'kunena kuti, "Agonekeni apa, bedi ndi ili loyalayala."

Mayi Phiri anayenda chogona mpaka kuchipatala, mutu uli pa pilo wanga. Chinthu chomwe ndinkabisa chija ndi chimene chinawanyamula.

Tikudikira panja pa wodi, mayi Zulu anandifunsa motsitsa mawu, "A Banda, anthu tonsefe mumpingo muja, mumatiyesa mitengo?" Ndinalira ngati mwana, anthu akudutsa.

Lero ndili ndi kachipinda kwa a Zulu, ndipo abambo a mpingo uno ayamba kundiumbira njerwa pa malo amene banja la a Zuluwo landipatsa. Zikomo, Mulungu akudalitseni. Manyazi sanathe onse, sindinama, koma bedi lija sindilichotsa. Wina akadwala, mundiitane.

Mayi Phiri, taimirirani anthu akuoneni. Ndi awo, amoyo! Ndipo galimoto lero sindinaimike kuchigayo. Ili pakhomo pompa, zitenje ndamasula, mukamatuluka suzumiranimo. Kondwerani nane, abale, amayi imbani nthungululu. Aleluya!