Momwe Esinati Anasiyira Kuthawa Masamu

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni wanga nonse amene mukuwerenga. Ine ndine mayi a Esinati, kwathu ndi ku Nsanje koma ndakalambira ku Chimwankhunda. Vuto limene ndikufuna kukuuzani ena aliona ngati laling'ono, chifukwa si matenda kapena maliro. Ndi masamu a kupulayimale. Koma masamu amenewo anatisowetsa mtendere m'nyumba kwa zaka ziwiri, ndipo anatsala pang'ono kundilekanitsa ndi mwana wanga.

Zinali zaka zomaliza za chipani chimodzi, nthawi imene munthu sunkalowa mumsika wa Limbe usanaonetse khadi la chipani. Bambo a Esinati ankagwira ntchito yonyamula katundu ku Makata, ine ndinkakazinga zitumbuwa n'kumagulitsa pamsewu. Esinati, mwana wathu woyamba, anali ndi zaka khumi ndi ziwiri ndipo ankabwereza Sitandade 5. Chichewa ankakhoza, Chingerezi ankayesetsa, koma kope lake la masamu linali lofiira lokhalokha. Kusukulu, m'mawa uliwonse aphunzitsi ankawaimika pamzere n'kumawafunsa masamu a m'mutu, ndipo wolakwa ankatambasula dzanja kulandira chikwapu. Mwana wanga ankabwera zikhato zitatupa.

Ndiyenera kuvomereza pamaso panu kuti kunyumba ine ndinkawonjezera. Sukulu ndinalekezera Sitandade 3, ndiye chimene ndinkadziwa ndi kutembenuza kope, kuyang'ana matebulo osindikizidwa kuseri kwake, n'kumamufunsa ndili ndi kamtengo m'manja. Ndikati, "Sikisi taimusi seveni!" iye ankangouma, maso pansi. Ndikakweza mawu, misozi. Ndinkapsa mtima mpaka mutu kuwawa, chifukwa mwana yemweyu ankatha kulera azing'ono ake, kuchapa ndi kuyimba nyimbo zonse za kutchalitchi osaphonya mawu.

Bambo ake anaganiza kuti apeza mankhwala. Anagula kamakina kowerengera m'sitolo ina ya amwenye ku Limbe, kakakyuleta kakang'ono ngati sopo, ndipo anati akamaona mayankho adzawaloweza. Sizinatero. Esinati anakabisa m'thumba la diresi n'kupita nako kumayeso, ndipo anagwidwa. Aphunzitsi anamuimika kutsogolo n'kumutcha wakuba, anzake anayamba kumuitana kuti Makina. Ine ndinaitanidwa kukatenga kamakinako, ndipo ndinatuluka mu ofesi ya ahedi nkhope ili yotentha ndi manyazi.

Madzulo a tsiku limenelo bambo ake analankhula mawu amene anandiopsa. Anati akalepheranso chaka chimenecho apita ku Nsanje kwa mlongo wawo, akathandize kumunda. Ine ndinkadziwa tanthauzo lake, chifukwa ana aakazi a alamu angawo onse anakwatiwa asanakwane zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Ndinayesa kuchonderera, iwo anangoti, "Mayi a Esinati, ine ndatopa. Mutu wake sukufuna sukulu."

Lachinayi ndinapita kumapemphero a amayi n'kukatula nkhawayi. Ena anandipempherera ndi mtima wonse, koma mayi wina anandinong'oneza kuti mwina mwanayo anamutsekera nzeru akumudzi, ndipite naye kwa sing'anga. Ndinabwerera nditakwiya kuposa mmene ndinapitira. Pemphero langa la masiku amenewo silinali laulemu. Ndinkati, "Ambuye, mwanayu munamuumba ndinu. Ngati munamupatsa mutu, ndionetseni pamene munabisa nzeru zake, chifukwa ine ndafufuza ndalephera." Masabata anadutsa, palibe chinasintha.

Kuseri kwa mzere wa nyumba zathu kunkakhala mkulu wina wokhoma zidebe, a Jowawo, amene makolo awo anachokera ku Mozambiki. Ine ndi iwo sitinkapatsana moni. Ndinakanganapo nawo kawiri chifukwa cha phokoso la malata awo, komanso ndinkaipidwa ndi abambo amene ankatha tsiku lonse pansi pa mtengo wawo wa mango akusewera bawo. Tsiku lina m'mawa ndikuchokera kuchigayo ndinadzera njira yachidule ya kumeneko, ndipo ndinaona yunifolomu pakati pa zidebe. Anali Esinati, nthawi ya sukulu, atakhala pansi moyang'anizana ndi mkuluyo, bawo ili pakati pawo. Pambuyo pake ndinamva kuti limeneli linali tsiku lachitatu akuthawa sukulu.

Ndinatula ufa pansi n'kumugwira mkono. A Jowawo sanadzuke n'komwe.

"Mayi, kumumenya mumumenya, ndi wanu. Koma muyambe mwaona ichi."

Anatapa nkhomo, timbewu tosewerera bawo tija, nathira m'dzenje limodzi. "Izi ndi khumi ndi zitatu. Esinati, ndikayambira apa, yomaliza igwera pati?"

Mwanayo, akadali m'dzanja langa, analoza dzenje. A Jowawo anagawa nkhomozo imodziimodzi, ndipo yomaliza inagwera pomwepo. Anabwereza ndi zambiri, zozungulira bawo kupitirira pamene zinayambira. Analozanso, osakhudza, osawerenga ndi zala.

"Abambo akuluakulu amawerenga ndi chala, uyu amaona ndi mutu," anatero. "Amene akuti sadziwa masamu ndani?"

Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinagwada pomwepo n'kuthokoza Mulungu. Ayi. Ndinawayankha kuti masamu a kusukulu alibe maenje, ndipo asiye kusokoneza ana a eni. Ndinamukoka Esinati mpaka kusukulu, ndipo panjira ndinamuwomba khofi. Koma masana ndikukazinga zitumbuwa, chala chija chikuloza dzenje sichinachoke m'maso mwanga. Zitumbuwa za poto woyamba zinapserera. Ndinakumbukira zimene ndinkapempha, ndipo zinandiwawa kuti yankho lake likudzera kwa munthu amene sindinkamupatsa moni.

M'mawa mwake ndinapita kwa a Jowawo. Tinagwirizana kuti Esinati azipita kwa iwo akaweruka, ola limodzi, ine ndili pomwepo. A Jowawo anandipatsa lamulo limodzi, kuti kamtengo kanga ndizikasiya kunyumba. Ankaika nkhomo zisanu ndi ziwiri m'maenje asanu ndi atatu n'kumufunsa zonse pamodzi. Ankamupatsa mulu n'kumuuza agawire maenje asanu mofanana, anene zotsala. Akalakwa ankangoseka n'kunena kuti, "Wadyedwa, bwezera." Atamva za kamakina kaja, kamene ndinakatsekera m'sutikesi, anati ndibwere nako. Anakonza mpikisano: iwo afunse, ine ndidinde pamakina, Esinati ayankhe ndi mutu, woyamba kuyankha atenge nkhomo imodzi. Zala zanga zozolowera mafuta zinkasochera pa timabatani, ndipo tsiku lachiwiri lomwe mwanayo anakuwa kuti, "Fifite sikisi!" ine ndikusakabe eyiti. Anaseka mpaka kugwa chagada. Ndinali nditaiwala kaseko ka mwana wanga.

Musaganize kuti zinayenda msanga. Tebulo la seveni linatitengera mwezi wathunthu, lero wakhoza, mawa waiwala. Pa masamu ogawa aatali tsiku lina analira n'kugubuduza bawo, nkhomo kumwazikira m'zidebe, ine n'kunyamuka kuti basi ndasiya. Amayi a pamzere wathu ankanong'ona kuti ndasanduka wa pabawo, wina mpaka anakandinenera kwa amayi abusa. Bambo a Esinati ankati tikutaya nthawi ndi masewera a amuna osagwira ntchito. Kangapo ndinafunsa Ambuye ngati thandizo lawo liyenera kubwera ndi chitonzo chotere.

Atalemba mayeso a pakati pa teremu yomaliza, Esinati anabwera ndi pepala lake akulira. Anakhoza pafupifupi zonse, koma aphunzitsi anadula mzere wofiira kuchokera pamwamba mpaka pansi, nalemba kuti wakopera. Apa ndinakwiya kwambiri. Masiku amenewo munthu wamba sunkatsutsana ndi wa boma aliyense, unkaopa kunenedwa kuti ndiwe wosamvera. Koma ndinamanga chitenje n'kupita naye kwa ahedi.

"Bambo, mwanayu anabapo, sindikukana," ndinatero. "Koma lero mum'seche m'matumba, mum'patse choko, mum'funse zatsopano ine ndikuona."

Anaitana aphunzitsi aja. Iwo analemba samu zisanu zogawa pabolodi n'kuima pambali, chikwapu chili m'khwapa. Esinati anauma ngati kale. Choko chili m'dzanja, maso pansi, mphindi yathunthu. Ine mumtima ndinkangoti, "Yesu, Yesu." Kenako ahedi, sindidziwa chinawakhudza n'chiyani, anauza aphunzitsiwo kuti akasiye chikwapucho panja. Chitangotuluka, ndinaona zala za mwanayo zikuyenda pa siketi yake ngati akugawa nkhomo. Anakweza choko. Analemba yoyamba, yachiwiri, mpaka zisanu, nalakwa imodzi yokha, ndipo anaikonza yekha asanauzidwe. Aphunzitsi sanapepese. Anangotenga pepala lija n'kulembanso malikesi ake pakona. Kwa ine zinakwana.

Chaka chimenecho anakhoza, ndipo nkhani ya ku Nsanje bambo ake sanaitchulenso, ngakhale kuti mpaka kumwalira kwawo ankati ndi makina awo amene anathandiza. Esinati anapitirira mpaka kusekondale, ndipo lero ndi namwino, amayeza mankhwala a ana akhanda mopanda mantha.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la mayi wokwiya, ndipo sanadikire kuti ndiyambe ndakhala wofatsa. Ndikuthokozanso a Jowawo, amene anatisiya kale. Nditapita kukawapepesa nditanyamula nkhuku, anaikana, nati ngati ndikufunadi kupepesa ndikhale pansi ndiphunzire bawo. Anandidya nkhomo zonse kanayi motsatizana, akuseka.

Inu makolo amene mwana wanu akulephera ndipo mwayesa zonse, musaleke kupemphera, ngakhale pemphero likutuluka ndi mkwiyo. Mukatero mukhale tcheru, chifukwa amene Ambuye amutuma akhoza kukhala munthu amene simumufuna pakhomo panu. Ndipo musanamutche mwana wanu mbuli, mukhale naye pansi musewere naye kamodzi, muone chimene amachita ngati sakuopa. Ambuye akulimbitseni. Ameni.