Nsatsi Zosakazinga

Ine, amene a mumzere wathu amanditcha Amayi a Dalaivala, wa zaka zopitirira makumi asanu ndi awiri, wokhala m'chipinda cha kuseri kwa nyumba ya mwana wanga, moyang'anizana ndi thanki ya madzi, amene kale ndinkayenga mafuta a nsatsi n'kumagulitsa koma pano ndimangodwazika amuna anga, ndikunena izi. Kusukulu sindinapiteko, ndiye muzilemba pang'onopang'ono monga ndikuyankhuliramu.

Amuna anga anagona pansi chaka chatha ndi chotupa cha m'chiuno. Kuchipatala anatipatsa mankhwala amadzi opha ululu. Anesi ananena kuti amachokera ku duwa linalake. Akamwa amagona bwino, moti iwo amawatcha mowa wa adokotala. Koma mankhwalawo amamanga m'mimba. Ankatha masiku osachita chimbudzi, mimba ili gwa ngati ng'oma. Ndinafunsa anesi ngati ndingawapatse mafuta a nsatsi. Anati supuni yaing'ono, osati tsiku lililonse. Ndinkatero ndipo zinkathandiza.

Mwana wanga, dalaivala wa lole, sankafuna zimenezi. Ankati bambo ake si mbuzi yoti izidyetsedwa zakutchire. Choncho tinkayenga iye akapita ku ulendo, ine ndi mkazi wake, mpongozi wanga amene mwamutsekerayu.

Apa mulembe bwino kayengedwe kake. Nsatsi timayamba takazinga mpaka zide. Kenako timasinja. Kenako timawiritsa m'madzi nthawi yaitali, mafuta n'kuyandama, ife n'kumatapa pamwamba. Zotsalira pansi ndimakakwirira kuti nkhuku zisatole. Nsatsi yosapita pamoto imapha. Izi ndinazidziwa ndili mtsikana.

Mpongozi amasoka zovala ku shopu ya telala. Amachoka m'mawa, kubwera dzuwa litapendeka. Kukazinga ndinkakazinga masana iye kulibe. Mapewa anga anatha, ndiye m'mawa mwake ankandisinjira asanapite kuntchito. Akachoka ndinkawiritsa. Ntchito yake inali ya pakati. Yoyamba ndi yomaliza sanaionepo. Sanafunse, inenso sindinamuuze.

Lolemba lapitali anandigoneka kuchipatala cha maso kuti andichotse ng'ala. Pochoka ndinasiya botolo la mafuta pawindo, mutatsala pang'ono. Thumba la nsatsi zosakazinga linali kunsi kwa bedi. Mwana wanga anali ku ulendo. Odwala anatsala ndi mpongozi, amene anapempha tchuthi kwa telala.

Ndinabwerera Lachitatu cha m'ma teni koloko, diso limodzi lomata. Pakhomo ndinapeza mtondo sunatsukidwe. Ndinapisamo dzanja n'kununkhiza. Zotsalamo zinali zoyera, fungo la moto munalibe. Botolo pawindo linali lopanda kanthu.

M'chipinda amuna anga anali akusanza, ndipo kunsi kunkatuluka zosakanikirana ndi magazi. Mpongozi anali atagwada, beseni kumanja, thaulo kumanzere. Ndinamufunsa chimene anawapatsa. Anati kuyambira Lolemba ankabuula ndi mimba, mafuta anatha, ndiye Lachiwiri madzulo anasinja nsatsi zodzaza dzanja n'kusakaniza m'phala. Anati amuna anga anameza masupuni ochepa, kenako anakana kuti likuwawa pakhosi. Mawu ake ndikuwakumbukira. Anati, "Amayi, ndasinja ngati mmene ndimakusinjirani muja."

 Ndinamuuza kuti athamange akaitane galimoto ya aneba. Anathamanga wopanda nsapato. Iye ndiye anawanyamula kumsana kuchoka pabedi mpaka pamsewu, mtunda ngati kuchoka pano kukafika pageti panupo. Kuchipatala iye yemweyo ndiye anauza adokotala, ndiponso anawaonetsa nsatsi zimene anatenga m'thumba la siketi. Palibe anamukakamiza.

Mwana wanga anafika Lachinayi. Adokotala atamuuza kuti ndi poizoni, sanakhale pansi. Anabwera kuno kupolisi, ndipo madzulo ake munadzamutenga mpongozi pabenchi ya kuchipatala.

Mwandifunsa ngati ndinamumvapo akunena kuti watopa. Ndinamumva. Unali mwezi watha, akuchapa zofunda kachitatu tsiku limodzi. Anati, "Amayi, ndatopa." Atatero anayanika zofundazo, n'kukawatembenuza apongozi ake, n'kuwapaka mafuta pamsana. Iwo anamuseka kuti anesi awo ali ndi manja ozizira ngati achule. Iye anati achulewo ndi amene akukusungani. Anaseka onse awiri. Ngati mwalemba kutopako, mulembenso izi.

Mwandifunsanso ngati anawapatsa ndi iye. Anawapatsa ndi iye. Ndikati ayi ndanama. Ndikati inde mukuti ndi zomwe mumafuna. Ndakufunsani kumene mulembe zoti sankadziwa, mwati zimenezo akaona ndi a khoti.

Lero m'mawa mwana wanga ndiye wandibweretsa pa lole. Panjira wandiuza kuti ndingonena za kutopa ndi za phala, za kayengedwe ndisatchule, chifukwa zikumveka ngati ndikuikira kumbuyo munthu wofuna kupha bambo ake. Wati ndikatero ndisankhe kokakhala. Chipinda chimene ndimagona ndi chake. Kwina ndilibe. Ali panjapo, injini sanazimitse.

Dzulo ndinali kuchipatala. Amuna anga ali pa diripi, ndipo adokotala akuti impso ndi zimene akuziyang'anira, sanganene kanthu panopa. Msana wayamba zilonda chifukwa ine sindingathe kuwatembenuza, ndipo anesi ndi ochepa. Mwana wanga anayesa, bambo akewo anakuwa. Sakudziwa kumene mpongozi ali. Tinawauza kuti ali ku shopu. Anatsegula maso n'kunena kuti, "Telalayo amuwerutse msanga mwanayo, adzanditembenuze."

Thumba la nsatsi likadali kunsi kwa bedi, ndipo mtondo sindinautsuke. Mukafuna mukatenge, muone nokha kuti sizinapite pamoto. Za kayengedwe zija musafufute. Mundiwerengere kaye ndimve kuti zilimo, kenako ndidinde.

Zimene ndikudziwa ndi zomwezi.

Chidindo cha chala chachikulu cha kumanja cha mboni: ____________