Mchimwene Wanga Anakana Kuyankha Paphiri

Moni abale ndi alongo nonse amene mukuwerenga, ndi inu amene wina akukuwerengerani pafoni. Dzina langa ndine Esinati, ndimakhala kufupi ndi Limbuli ndipo ndimathyola tiyi pa esiteti. Umboni wanga ndi wa mchimwene wanga wamng'ono, Lafayelo, amene anasowa m'phiri la Mulanje pa mpikisano wothamanga. Anthu anamufunafuna mpaka kudutsa pafupi ndi pomwe anagona, koma sanamupeze. Ndifotokoza momwe zinayendera osakometsera, chifukwa zomwe Mulungu anachita sizifuna mchere wanga.

Lafayelo ntchito yake ndi yonyamula katundu wa alendo okwera phiri. Chaka chathachi analembetsa mpikisano wa masiku angapo, womwe othamanga amakwera mbali ina, kugona m'tinyumba ta pamwamba paja, kutsikira mbali ina, n'kukweranso. Ine nzeru yake sindinaione. Munthu amakwera phirilo ndi chikwama cha mlendo pamutu kuti ana adye, lero akuti akwere chimanjamanja akuthamanga ngati waba nkhuku. Ndinamuuza zimenezi pamaso, iye anangoseka. Mkazi wake, Fane, anali woyembekezera ndipo masiku anali atayandikira, choncho anandipempha kuti ine ndikamuonerere m'malo mwake.

Ndinali nditakana. Koma m'mawa wa tsiku lonyamuka ndinapeza pulasitiki yanga palibe pamsomali. Amene munathyolapo tiyi mukuidziwa, pulasitiki yokhuthala ija timamanga m'chiuno kuti mame a m'masamba asatinyowetse. Lafayelo anaitenga osapempha, akuti aziifunda mvula ikagwa kumtunda. Ndinapempha tchuthi kwa akapitawo, n'kuuza Fane kuti chabwino ndipita, koma ndikutsatira pulasitiki yanga, osati mwamuna wake.

Kuonerera mpikisano wa m'phiri ndi ntchito yodikira basi. Ku Likhubula tinawaona akunyamuka, a kuno kwathu, azungu, ena ochokera ku Joni, ndipo tisanamalize kuwomba m'manja onse anali atalowa m'mitengo. Kenako ife oonerera tinakwera makabaza kuzungulira m'munsi mwa phiri kupita mbali ya Thuchila, komwe ankati atsikirako mawa lake. Wothamanga aliyense anamumangirira kachipangizo pachikwama, ndipo mayi wina wa okonza mpikisano anali ndi foni yaikulu yomwe inkaonetsa munthu aliyense ngati kadontho koyenda. Tinkaunjikana pafoniyo tikudya chinangwa chophika ndi nzimbe. Amuna ena ankakangana za timadontho timeneto ngati akuonera mpira, pomwe phiri lenilenilo lili kumbuyo kwawo.

Ku Thuchila ndinamuonadi. Anatsika miyendo ili matope okhaokha, masaya atalowa, pulasitiki yanga ataipinda n'kuimanga m'chiuno. Ndinamukuwira, iye anakweza dzanja, anadya nthochi, anamwa madzi, n'kutembenukiranso kumtunda. Anali m'gulu la akutsogolo. Ndivomere kuti mumtima ndinanyadako pang'ono, ngakhale sindinauze munthu.

Chigawo chomaliza chinali chotsikira mbali ya kwathu, kuminda ya tiyi. Tinafikako phiri lisakuoneka, chiperoni chitaliphimba lonse, kamvula kowaza kakugwa kosalekeza. Chakumasana kadontho ka Lafayelo kanaima. Mayi wa foni uja anati mwina akupuma. Timadontho tomwe tinali kumbuyo kwake tinamufika n'kumudutsa, eni ake anatsika mmodzimmodzi akunjenjemera ndi chisanu, ndipo aliyense amene ndinamufunsa anati sanamuone panjira. Anzake onyamula katundu anakwera kukamufuna, motsogozedwa ndi mkulu wawo, bambo Jailosi. Kachipangizo kaja anakapeza katakola pachitsamba, chingwe chake chitaduka. Mwini wake panalibe.

Anaitana dzina lake ndi kuimba mawezulo mpaka kunada. Kutacha anakweranso, anabwera amuna enanso a m'midzi, koma zinali chimodzimodzi. Pansi pano mpikisano unatha, opambana analandira mphoto zawo, ndipo ine ndinaima potero ndikuona anthu akujambulana. Sindikuwada, anali atathamanga mtunda wawo. Koma kumbuyo kwanga amayi ena anali atayamba kunong'ona kuti eni phiri, mizimu ija amati imakhala kumtundako, amutenga, ndipo nkhani zotere kuno kwathu sizichedwa kumera miyendo. Fane ankaimba foni kosalekeza. Ndinamuuza zoona, kuti mwamuna wake sakuoneka ndipo anthu akumufunafuna.

Abale, ndinachita mantha. Lafayelo ndinamulera ndine amayi athu atamwalira, ndipo ndinayamba kuganiza za maliro opanda mtembo, ndi za mwana amene adzabadwe n'kumalozeredwa phiri kuti bambo ako ali umo. Ndinachoka pagulu n'kukakhala pamwala m'mbali mwa kanjira kotsika kuphiri. Pemphero langa silinali lalitali. Ndinati, Ambuye, mwana uja ndi wouma mutu, Inu mukumudziwa kuposa ine. Ngati ali moyo ndionetseni pomwe ali, ngati wapita ndipatseni mawu okamuuza Fane, chifukwa ine ndilibe.

Ndidakali pomwepo anatsika mayi wina wachikulire atasenza mtolo wa udzu wa masache. Sindinkamudziwa, dzina lake ndinadzalimva pambuyo kuti ndi mayi Mulipa. Anatula mtolo wake pafupi nane, n'kupempha madzi. Atamwa anafunsa chomwe anthu aunjikanira, ndipo ndinamufotokozera.

"Ndiye aja akukuwa dzina kumtundaku?" anatero mayiwo. "Ine dzulo ndikudula udzu ndinamva wina akutsokomola kunsi kwa thanthwe. Lero m'mawa ndamvanso."

"Simunasuzumire, mayi?"

"Ine? Phiri ili ukamva zinthu umangoyang'ana ntchito yako. Komanso amuna aja anadutsa pomwepo akuitana, palibe anayankha. Ndi pomwe ndinadziwa kuti si munthu ameneyo."

Mawu amenewa anandiimitsa tsitsi, koma osati chifukwa cha mizimu. Ndinakumbukira atate athu. Iwo kale ankacheka matabwa a mkungudza pamwamba paja, ndipo anali ndi mnzawo amene akuti anamva dzina lake m'chifunga, anayankha, anatsatira mawuwo, ndipo sanaonekenso. Chichokereni pamenepo atate anaika lamulo pakhomo pathu: ukakhala paphiri kuli chifunga, ukamva dzina lako usayankhe. Ankati eni phiri amaitana mokoma, ndi mawu a mnzako amene umamudziwa. Ine ndinazisiya nditakula. Lafayelo anabatizidwa, amaimba kwaya, koma lamulo limeneli linamulowa m'mafupa moti ngakhale pakhomo ukamuitana sankayankha ulendo woyamba, ankayamba wasuzumira kuti aone nkhope.

Ndinathamangira kwa bambo Jailosi, amene anali atangotsika kudzatenga chakudya cha anthu ake. Anandimvetsera atatopa, maso ali psuu.

"Zimenezo tonse tinazimva tili ana, achemwali," anatero. "Koma munthu wovulala, wanjala, angakhale chete anzake akumuitana?"

"Uyu simukumudziwa bwino. Angathe."

Mayi Mulipa poyamba anakana kubwerera. Ndinawagwira mwendo, ndipo pomaliza anasiya mtolo wawo kwa mayi wogulitsa nanazi n'kunena kuti akatilozera ndi chala, koma pafupi safika. Tinanyamuka ine, iwo, bambo Jailosi ndi amuna ena awiri onyamula chingwe. Ndabadwira m'munsi mwa phiri limeneli koma ndinali ndisanakwerepo kupitirira pomwe tiyi amathera. Ndinakwera ndi nsapato za pulasitiki, ndikugwira udzu ndi mizu, mayi wachikulire uja ali patsogolo ngati akupita kuchigayo.

Tinafika pamalo pomwe njira imadutsa pamwamba pa thanthwe loterera, kunsi kwake kuli chigwembe chodzaza zitsamba ndi chifunga. Panali patali ndithu ndi pomwe anapeza kachipangizo kaja. Mayi Mulipa analoza, n'kubwerera m'mbuyo. Bambo Jailosi anaika manja kukamwa n'kuitana dzina, anaimba wezulo, anaitananso. Kunali zii, madzi okha akudontha m'masamba. Anandiyang'ana, ndipo ndinaona kuti akundimvera chisoni.

Ndinasendera m'mphepete. Panjira ponse ndinkakonza mawu abwino oti ndimuitane nawo, onena za Fane ndi za mwana. Koma nditatsegula pakamwa zinatuluka zina, ndipo mpaka lero sindinena kuti ndinazikonza ndine.

"Iwe Lafayelo! Pulasitiki yanga unaitenga kwa ndani? Unapempha? Ine ndizinyowa m'tiyi ngati nkhuku chifukwa cha masewera ako opanda mutuwa? Wandiyendetsa phiri lonseli, ntchito ndasiya, mkazi wako sakudya, iwe uli phee! Bweretsa pulasitiki yanga pano, wamva?"

Amuna aja anayang'anana, mwina ankaganiza kuti mutu wanga wasokonekera. Kenako kuchokera pansi, chakumanzere, kunamveka mawu aang'ono, osasa.

"Achemwali, yang'ambika pang'ono."

Ndinakhala pansi pamatope pomwepo n'kulira mokweza. Bambo Jailosi anatsika ndi chingwe. Anamupeza pansi pa mwala wotulukira kunja, mwendo utathyoka pamwamba pa kakolo, milomo itatuwa. Anali atasochera m'chifunga kachipangizo katatsalira kumbuyo, n'kuterera pathanthwe paja. Nthawi yonseyo anadzikulunga mu pulasitiki yanga, ndipo madzi omwe ankamwa ndi omwe ankadikha pamakwinya ake. Anamutsitsa pamachira a mitengo ndi zitenje, ndipo mayi Mulipa anayenda pambali pake njira yonse akumupepesa kuti sanasuzumire.

Kuchipatala, atamuika chikhakha, ndinamufunsa ngati sanamve anthu akumuitana. Anati anamva zonse, mawezulo, mawu a bambo Jailosi, ngakhale mapazi pathanthwe. Anati ankaluma mlomo kuti asayankhe, akupemphera kuti Yesu amuchotsere mayesero amenewo.

"Nanga ine unandiyankha bwanji?"

"Atate ankati iwo aja amaitana mokoma," anatero. "Wokalipira pulasitiki munthu akufa, ndinadziwa kuti sangakhale wina."

Amati mawu a akulu akoma akagonera, koma awa anagonera mpaka anatsala pang'ono kundiphera mchimwene. Atate sindikuwaimba mlandu, ankateteza ana awo ndi nzeru yomwe anali nayo. Chomwe ndikuona n'chakuti mantha amodzi omwewo anatseka pakamwa pa wovulala, n'kutsekanso maso a mayi amene anamumva akutsokomola. Mulungu anadutsa pakati pa mantha awiriwo. Anatsitsa mayi wa masache pa kanjira komwe ndinakhala, anamupatsa ludzu, ndipo anagwiritsa ntchito pakamwa panga pomwe amayi a kumpingo akhala akundidzudzula napo kuti ndi pakuthwa. Sindikunena kuti kukalipa n'kwabwino, abusa asandimve molakwa. Ndikungonena kuti tsiku limenelo Ambuye anatenga chomwe chinalipo.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero lalifupi la munthu wokwiya. Ndikuthokoza bambo Jailosi ndi anzawo amene anakwera ndi kutsika osadandaula, okonza mpikisano amene anapereka galimoto yopita kuchipatala, ndi mayi Mulipa, amene tsopano timayenderana ngati pachibale. Fane anachira bwino, mwana ndi wamkazi, ndipo bambo ake anamunyamula ali ndi ndodo m'khwapa. Mwendo unalunzika, wayambanso kunyamula katundu wopepuka. Za mpikisano wina wayamba kale kuzitchula, ine ndimangomuyang'ana.

Inu amene muli ndi wanu amene wakhala chete, kaya ndi m'matenda, kaya ndi m'mowa, kaya wangodzitsekera ndi mavuto ake, musafulumire kunena kuti wapita. Mwina akukumvani, koma pali chomwe chamugwira pakamwa. Pempheranibe, pitani pafupi, ndipo muitaneni ndi mawu anu enieni omwe amakudziwirani. Nanunso amene muli pansi pa thanthwe lanu, abale akamakuitanani yankhani, si onse oitana amene akufuna kukutayani.

Pulasitiki ija ndinaisoka ndi ulusi wa thumba la feteleza ndipo ndikuivalabe, ngakhale imalowetsa madzi mbali imodzi. Lafayelo anafuna kundigulira ina kumsika wa ku Chonde, ndinakana. Masiku ano ndikaima pakhomo pake n'kuitana dzina lake, amayankha ndisanamalize n'komwe. Ambuye alemekezeke.