Mpweya wa mu Kilachi

Lole yodzaza nkhuku mazana atatu inaima pabwalo dzuwa likuswa mtengo, kilachi itafewa ngati siponji, giya osalowa. Mwini lole anagona chagada pansi pake ndi sipanala kuti achotse mpweya m'mapaipi a kilachi, ndipo pampando wa dalaivala anakhazikapo apongozi ake, mphunzitsi wopuma yemwe sanayendetsepo ngakhale njinga yamoto.

"Bambo, pondani katatu."

Gu! Gu! Gu!

"Ndaponda, akamwini."

"Koma kuno sikunagwedezeke kanthu. Mwaponda chiyani?"

"Pansi. Simunatchule china."

"Chopondera cha kumanzere, bambo!"

"Kumanzere kwanga kapena kwanu? Paja inu mwagona chagada, mutu uli kumene kuli miyendo yanga."

"Kwanu, bambo. Pondani katatu, kachitatuko mugwire."

"Kamodzi. Kawiri. Katatu. Ndagwira."

Mkamwini anamasula kanati kotulutsira mpweya. M'malo molavula thovu, kapaipi kanayamwa mpweya wina kuti fyuu.

"Aaa! Mwachotsa phazi?"

"Nanga ndikanagwira bwanji phazi lili pomwepo? Ndagwira ndi manja onse awiri. Mutu uli kunsi kwa chiwongolero kuno."

"Kugwira kwake ndi phazi!"

"Zaka makumi atatu ndaphunzitsa ana, akamwini. Phazi limaponda, dzanja limagwira. Bwanji osangoitana makaniko?"

"Makaniko pa lole yanga? Ndili moyo? Ayi!"

"Nkhukuzi zayamba kuyasamula."

"Ziyasamule. Tiyambirenso. Pondani, phazi likhale pomwepo."

Ulendo uno mafuta anatuluka ndi thovu. Mkamwini anamanga kanati msangamsanga.

"Eyaa! Tsopano siyani."

Chitseko chinalira. Nsapato za apongozi zinadutsa pafupi ndi mphuno yake, zikulowera kunyumba.

"Bambo! Mukupita kuti?"

"Mwati ndisiye. Ndasiya."

"Musiye chopondera, osati ntchito!"

"Mukamalankhula muzimaliza ziganizo," anatero apongozi, akukweranso mwaulemu wawo.

Anabwereza kasanu ndi kawiri. Mafuta anadonthera mkamwini m'khutu, nkhuku zikulira pamwamba, wogula nkhukuzo akuimba foni osalekeza. Pomaliza chopondera chinalimba. Mkamwini anatuluka, nakwera, naponda yekha. Giya inalowa kuti tswii, ngati mpeni m'papaya.

"Mwaona, bambo? Popanda makaniko!"

"Ndiye mpweya watha wonse?"

"Mwina watsalira pang'ono penapake, koma tinyamuka. Ndikasambe m'manja kaye."

"Watsalira," anabwereza apongozi, akugwedeza mutu ngati apeza cholakwa m'kope la mwana.

Ali kumpopi kuseri kwa nyumba, mkamwini anamva kuti psiiii. Anamwetulira, poganiza kuti ndi mkazi wake akuthira madzi pamoto. Phokoso litapitirira, anathamanga thovu la sopo lili m'manja.

Lole inali itagwada kutsogolo ngati ikupepesa. Apongozi anali chonjuta pa tayala lachiwiri, msomali uli pa valavu.

"Mayo ine! Bambo, mukutani?"

"Ndaupeza, akamwini. Unabisala muno. Si pang'ono ayi, ngwambiri zedi."

"Umenewo ndi wofunika! Lole imayendera umenewo!"

"Ha! Nthawi yonseyi mwakhala mukuutukwana mpweya. Tsopano wasanduka m'bale wanu?"

"Wa mu kilachi ndiye woipa! Wa m'matayala ngwabwino!"

"Mpweya ndi umodzi. Ndinkaphunzitsa sayansi ine."

Mkamwini anakhala pansi pafumbi, manja kumutu. Foni inaliranso. Tambala wina m'khola la pamwamba analira masana onsewo.

"Bambo," anatero motsitsa mawu, "ndi ulemu wonse, ntchito imeneyi simuidziwa."

Apongozi anadzuka, napukuta msomali ndi kampango, naubwezera m'thumba la jekete.

"Inu ola lathunthu mwagona pansipo, mwatulutsa timathovu tosadzaza supuni. Ine mphindi zisanu, matayala awiri mbee! Tsono wosadziwa ntchito ndani pamenepa?"