Mudzi wa Sekuru Sixpence

LOLEMBA

Nthawi yangokwana folo koloko masana. Kuno ku Glendale, m'Zimbabwe muno, dzuwa silinaoneke chiyambire m'mawa, ndipo kukuwaza kamvula kozizira kaja anzathu Achishona amati guti. Ndine Limbani Nkhoma, ndipo ino ndi nthawi ya zilengezo za m'Chichewa pa wailesi yanu ya m'makomboni. Lero zilipo ziwiri, zonse zochokera malo amodzi.

Choyamba ndi cha maliro. Bungwe la maliro la pa komboni ya Seveni, msewu wa ku Chiweshe, likudziwitsa abale ndi abwenzi a ku Glendale, Guruve ndi Wedza kuti agogo athu, Sekuru Sixpence Kamwendo, atisiya dzulo Lamulungu m'mawa, ali ndi zaka 86. Malemuwa anagwira ntchito yowotcha fodya m'mabalani a pa famu imeneyi zaka makumi atatu ndi zinayi. Asiya mwana mmodzi, Mai Selestina Kamwendo, ndi adzukulu asanu. Thupi lili ku mochare, ndipo lidzaikidwa Loweruka teni koloko m'mawa ku manda a kuseri kwa dibi la ng'ombe.

Bungweli lilinso ndi pempho. Monga mwa mwambo wa pa Seveni, pa manda aliwonse pamazikidwa lata lolembedwa dzina la munthu, mudzi wa kwawo ndi boma lake. Amene mudzi wake sudziwika amangolembedwa liwu limodzi: Malawi. Malata otere alipo kale khumi ndi asanu ndi awiri, ndipo Mai Selestina akana kuti bambo awo awonjezere chiwerengerocho. Koma Sekuru sankatchula za kwawo. Mwana akafunsa ankangoti, "Kwathu ndi pano wandipezapa." Munthu mmodzi yekha anauzidwa, malemu katekisiti Martin Gondwe, amene mu 2014 anajambula mawu a akuluakulu a pa komboni n'kuwasunga mu kompyuta ya bungwe, atalonjeza Sekuru kuti awo sadzamveka iwo ali moyo. Aliyense amene anamvapo dzina la mudziwo afike ku Seveni Loweruka lisanakwane. Chilengezochi chachokera kwa Jealous Mbewe, wapampando wa bungwe.

Chachiwiri ndi chotalikirapo, ndipo mwini wake wapempha kuti ndisadumphe liwu.

Lazaro Chisale, mlembi wa bungwe lomwelo, amene anamaliza maphunziro a zaulimi ku koleji chaka chatha, akudziwitsa Mai Selestina ndi onse a pa Seveni kuti mawu a akuluakulu aja mu kompyuta mulibenso, ndipo wolakwa ndi iyeyo. Wati wayesa kawiri kukanena pamaso, kawiri konse wabwerera pa khomo.

Akufotokoza motere. Kompyutayo ndi yakale, ndipo inafika pomatenga theka la ola kuti idzuke. Mnzake wa ku koleji anamuuza za Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta imene anthu a m'maiko osiyanasiyana amalemba mothandizana n'kuigawa kwaulere, ndipo imayenda bwino ngakhale pa makina okalamba. Loweruka lapitali, asanayambe kuiika, Lazaro anakopera mu kaflashi zonse zimene ankaziona pa sikirini. Pulogalamuyo itamufunsa ngati disiki ifufutidwe yonse, anavomera ndi mtima wodekha. Kompyuta inadzuka mphindi imodzi isanathe. Wati anakhala akuiyang'ana ngati munthu woona ng'ombe yokalamba ikuthamanga.

Dzulo, atamva za maliro, anatsegula kaflashi kaja. Anapeza kuti zimene anakopera si mawuwo ayi, koma tizithunzi tolozera kumene mawuwo ankakhala. Zili ngati kusunga chikwangwani cha pamsewu, nyumba yake n'kuigwetsa.

Akupempha aliyense wodziwa Linux kuti amuthandize. Akutinso pali mavuto ena awiri: sipika sikutulutsa mawu alionse, ndipo akatsegula kawindo kakuda kolembamo malamulo n'kufunsidwa pasiwedi, akalemba sipaoneka kanthu, moti akukhulupirira kuti waphanso kiyibodi. Uthenga usiyidwe kuno ku wailesi. Chilengezochi chachokera kwa Lazaro Chisale, amene akuti sakupempha kukhululukidwa, akungopempha thandizo.

LACHITATU

Folo koloko yakwananso, ndipo guti sanaleke. Tipitirize ndi za ku Seveni.

Tapiwa Marufu, wokonza mafoni pa renki ya maminibasi aja timati makombi kuno ku Glendale, anatiimbira Lolemba pulogalamu isanathe, ndipo dzulo m'mawa anakwera kombi kupita ku komboniko. Wapempha kuti zimene anauza Lazaro zimvekenso kwa ena ongoyamba kumene. Analankhula m'Chishona, ndipo ndaziika m'Chichewa mmene ndathera.

Iye wati: "Mukoma Lazaro, achimwene anga, kiyibodi haina kufa, ili moyo! Pasiwedi imabisidwa dala kuti woima kumbuyo kwanu asawerenge ngakhale kutalika kwake. Lembani, dinani, basi. Ku kolejiko ankakuphunzitsani fetereza yekha?" Wanenanso kuti chofufutidwa pa disiki sichichoka nthawi yomweyo. Disiki ili ngati munda umene azula zikhomo za m'malire: mbewu zikadali m'nthaka mpaka wina adzalimepo. Choncho amene wafufuta chinthu molakwitsa asiyiretu kugwiritsa ntchito makinawo, chifukwa chatsopano chilichonse chimakalembedwa pamwamba pa chakale. Iye wadzutsa kompyutayo kuchokera mu kaflashi kake, osakhudza disiki, n'kuyambitsa pulogalamu yofufuza zotayika. Chilengezochi chachokera kwa Tapiwa Marufu.

Wapampando Jealous Mbewe naye akudziwitsa anthu a pa Seveni zinthu zitatu, ndipo ndiziwerenga mmene wazinenera.

"Amai a kwaya, mwabwera kanayi kufuna kuyeserera nyimbo za maliro pa kompyuta. Ayi. Mukuimba chiyambire nthawi ya mzungu popanda makina, imbani choncho. Amene munaifunditsa nsalu za zambia kuti isamve guti, mtima wanu tauona, koma chimenechi si khanda. Chinatentha mpaka tinkamva fungo. Chachitatu, sola sikukoka kanthu ndi mitambo imeneyi, ndipo mwana wa kwa Marufu wati kufufuzako kukazima pakati tiyambiranso poyamba. Tikuthokoza mabanja asanu ndi anayi amene anazula mabatire m'nyumba zawo n'kugona mumdima, ndi a Reason amene anabweretsa la thirakitala pa wilibala abwana awo asanadzuke. A Reason, libwezeni lero, tisakuikeni pamodzi ndi Sekuru." Chilengezochi chachokera kwa Jealous Mbewe.

Chachitatu changofika kumene, cholembedwa pamanja.

Lazaro Chisale akudziwitsa onse kuti lero leveni koloko m'mawa, patatha maola makumi awiri ndi asanu ndi limodzi, kufufuza kwatha. Mafayilo a mawu abwerera 163. Koma abwerera opanda mayina. Mayina amene katekisiti analemba anapita ndi zikhomo zija, ndipo fayilo iliyonse yangokhala ndi nambala.

Za sipika akuti zinali zazing'ono moti akuchita manyazi. Tapiwa anamuuza lamulo loti alembe m'kawindo kakuda, ndipo munatuluka mizati yoonetsa kukwera kwa mawu. Pansi pa mzati woyamba panali zilembo ziwiri, MM, kutanthauza kuti mawu ndi otsekedwa. Anadina M kamodzi. Nthawi yomweyo m'chipindamo munamveka kuseka kwa Mbuya Agnes Zimba, amene tinawaika mu 2017, akufunsa kuti, "Aphunzitsi, kachinthu kanuka kakamva zonsezi sikakandinenera kwa abambo?"  A Jealous anavula chipewa. Tapiwa, amene sanawadziwe Mbuyawo n'komwe, anachotsa manja pa tebulo n'kuwabisa m'juzi. Panja amai a kwaya anasiya nyimbo pakati.

Iye akuti sadziwa anthu amene analemba pulogalamu yofufuzayo, kapena dziko limene ali, koma akuganiza kuti iwo sadziwanso chimene achita pa komboni ya Seveni.

Tsono popeza makina sadziwa mwini wa liwu, odziwa ndi inu. Onse amene muli ndi kholo limene linakhalapo pa Seveni, kaya munasamukira ku Guruve, ku Wedza kapena m'mapuloti, mukupemphedwa kufika mawa Lachinayi naini koloko m'shedi yakale yosankhiramo fodya. Mafayilo adzatsegulidwa imodziimodzi, ndipo wozindikira liwu adzaimirire. Chilengezochi chachokera kwa Lazaro Chisale.

LACHISANU

Nthawi ndi folo koloko. Mitambo yang'ambika, ndipo pa malata a renki pakuwala dzuwa.

Bungwe la maliro la pa Seveni likuthokoza anthu opitirira mazana awiri amene anadzaza shedi dzulo, makamaka a ku Guruve amene anabwera pa lole ya manyowa. Likudziwitsa amene sanathe kufika kuti mwa mafayilo 163, okwana 151 apeza eni ake. Lazaro ankadina, liwu n'kumveka, ndipo penapake m'khamumo munthu ankadzuka: "Amenewo ndi amai anga." "Ndi atsibweni, tamverani chibwibwicho." Ena anadzuka awiri nthawi imodzi, n'kudziwana pomwepo kuti ndi pachibale. Liwu likatha, Lazaro ankalemba dzina pa fayilo, ndipo Tapiwa ankaikopera m'malo atatu, kwinaku akumuuza kuti, "Tsegulani muone ngati ndi mawu enieni, mukoma, osati zikwangwani zanu zija."

Akuluakuluwo sanangonena za iwo okha. Anatchulanso anzawo amene anayenda nawo ulendo wobwera kuno, ndi midzi yawo. Chifukwa cha ichi, malata asanu ndi limodzi mwa khumi ndi asanu ndi awiri aja azulidwa kuti akalembedwenso.

Liwu la Sekuru linafika cha m'ma fili koloko, pa fayilo ya nambala 140. Lisanalankhule linatsokomola, ndipo Mai Selestina anali ataimirira kale. Linati: "Aphunzitsi, lembani bwino. Sixpence ndi dzina la pa chitupa. Anandipatsa kapitawo tsiku lolembedwa ntchito, poti langa linkamuvuta mzungu. Ine ndine Aniseto Kamwendo, wa m'mudzi mwa Chimwala, ku Bilira, boma la Ntcheu."

Lata lalembedwa choncho, mayina onse awiri, ndipo utoto ukuuma. Mwambo ndi mawa teni koloko monga tinalengezera. Wapampando wati liwulo linapitiriza kulankhula, koma zotsalazo si za bungwe. Chilengezochi chachokera kwa Jealous Mbewe.

Chomaliza sichinabwere pa foni. Mai Selestina achibweretsa okha masana ano, atayenda pansi kuchoka pa mphambano ya Seveni, ndipo akhala pa benchi kuno mu situdiyo kudikira kuti chiwerengedwe. Apempha kuti amene mukumvera pa intaneti muli ku Malawi, kapena muli ndi abale ku Ntcheu, muchifikitse.

Akufunidwa mai wina dzina lake Selestina Kamwendo, wobadwa mu 1960 m'mudzi mwa Chimwala, ku Bilira, mwana wa Nangozo. Akudziwitsidwa kuti bambo ake, Aniseto Kamwendo, amene anachoka pamudzi mu Ogasiti 1961 atanena kuti adzabwera fodya wa chaka chimodzi akagulitsidwa, amwalira Lamulungu lapitali ku Zimbabwe, ndipo aikidwa mawa. Sanadwale nthawi yaitali. Anakwatiranso kuno, ndipo mu 1974 anabereka mwana wamkazi.

M'mawu amene anasiya, iwo anati: "Wa kumudziyo ndinamusiya akuyamba kukwawa. Chaka choyamba ndinalibe chobwerera nacho. Chachiwiri ndinachita manyazi. Kenako manyaziwo anakula kuposa njira. Wa kunoyu ndinamutcha dzina lomwelo kuti lisachoke pakamwa panga. Iye sadziwa."

Mai ameneyu akudziwitsidwa kuti mawuwo alipo, mphindi zisanu ndi ziwiri, ndipo angathe kutumizidwa pa foni iliyonse imene ili pafupi naye. Ngati anamwalira, ana ake alandire. Ngati ali moyo, adziwe kuti dzina lake lakhala likuitanidwa pa komboni ya Seveni m'mawa ndi madzulo zaka makumi asanu ndi chimodzi, ndipo panali woyankha.

Pepalali lathera pamenepo. Pansi pake sipanalembedwe kuti lachokera kwa yani.

Mai, ndinene kuti chilengezochi chachokera kwa yani?

Omvera, mundikhululukire. Mai Selestina aimirira, amanga bwino duku lawo, atsegula chitseko mosamala kuti chisalire, ndipo atuluka.