Buku Lokutidwa ndi Paketi ya Shuga

Lolemba

Kwezani wailesi pang'ono, inu a ku Benga, a kwa Mwadzama ndi nonse muli padoko, nthawi ya zilengezo yakwana. Wowerenga ndine Fidelis. Ine ndimawerenga zimene mwalemba, ndiye wopsa mtima asandidikirire pageti.

Mayi Madina Jamali a m'mudzi mwa Mpalasa, kwa Mwadzama, akudziwitsa abale ndi abwenzi kuti mayi awo, mayi Kulusumu Jamali, agonekedwa ku chipatala chachikulu kuyambira Lachinayi lapitali, wodi ya amayi, bedi nambala seveni. Shuga wakwera, ndipo bala la kuphazi lija lafika poipa. Akupempha amalume awo, bambo Latifu, kuti abweze msanga buku la kuchipatala la mayi Kulusumu, lija lokutidwa ndi paketi ya shuga. Bambo Latifu analitenga mwezi watha kuti akazi awo, mayi Fauzia, azipita nalo kuchipatala, buku lawo litanyowa ndi mvula. M'bukumo munalembedwa dzina la jakisoni wina amene thupi la mayi Kulusumu limakana. Madokotala afunsa katatu, mayi Madina dzinalo sakulidziwa, ndipo odwalawo akungoti ndi ujeni uja anawatupitsa chaka cha madzi osefukira. Akutinso gadiyani ndi iwo okha. Kusambitsa odwala ndi iwo, kuphika kukhitchini ya magadiyani ndi iwo, kukatenga mankhwala ndi iwo. Wachibale mmodzi abwere adzawalandire, ngakhale masiku awiri okha. Chilengezochi chachokera kwa mayi Madina Jamali.

Lachitatu

Bambo Latifu Useni a m'mudzi mwa Mpalasa akudziwitsa anthu onse kuti mbuzi zawo zitatu zasowa kuyambira dzulo: yaikazi yakuda yothyoka nyanga ya kumanzere, ndi ana ake awiri amawanga. Zinaoneka komaliza m'mbali mwa mseu wa ku Benga. Amene waziona awauze. Pansi pake awonjezera mawu ndi bolopeni ina. Akuti mwana wa mlongo wawo wawachititsa manyazi powatchula pawailesi ngati wakuba, iwo mwinimbumba wathunthu. Akuti buku ndi buku, onse ndi mapepala, adokotala amayeza munthu osati dzina. Bukulo likadali pantchito, libwera likamasuka. Akuitanitsa msonkhano wa banja Lamlungu kuti akambirane za mwano wa Madina. Chilengezochi chachokera kwa bambo Latifu Useni.

Mbuzi mwazifotokoza mpaka nyanga, bambo. Za phazi la mlongo wanu sindikuona ngakhale mzere umodzi, ndatembenuza ndi pepala lomwe.

Lachisanu

Mayi Madina Jamali akudziwitsa abale onse, makamaka amalume awo, kuti dzulo m'mawa mayi Kulusumu anatupa nkhope ndi milomo, mpweya n'kubanika, chifukwa cha jakisoni yemwe uja. Anamwino anathamanga, ndipo mayiwo apulumuka. Nthawi imeneyo mayi Madina anali kumpopi kuchapa zofunda. Amene anaona n'kukuwa ndi mayi Benedicta, gadiyani wa bedi loyandikana, munthu wa ku Dwangwa amene alibe nawo ubale uliwonse. Dzina la jakisoni tsopano alidziwa, koma aliphunzirira pathupi pa mayi awo, chikhalirecho linali lolembedwa kale ndi inki.

Mayi Madina akuti apsa mtima, ndipo sakubisa. Lero ndi tsiku lachisanu ndi chinayi, palibe wachibale wapondako. Wina akuti thiransipoti yavuta, wina ali kumpunga kuingitsa mbalame, wina akuti fungo la chipatala limamupweteketsa mutu. Iwo miyendo yatupa ndi kuima, ndipo akuopa kuchoka pabedi ngakhale kupita kukasamba. Msonkhano wa Lamlungu uja, ngati ndi wofunikadi, mukachitire m'wodi momwemo, mabenchi alipo. Chilengezochi chachokera kwa mayi Madina Jamali, mwana wamwano uja.

Loweruka m'mawa

Achipatala chaching'ono cha Mikuyu Iwiri akudziwitsa abale a mayi Kulusumu Jamali, malinga ndi dzina la pabuku lawo, kuti mayiwa amwalira lero m'mawa. Anabwera nawo bambo wina Lachiwiri pa kabaza, nanena kuti akubwera posachedwa, koma sanaonekenso. Nambala imene anasiya sikupezeka. Mayiwa akhala masiku anayi opanda gadiyani, ndipo kuyambira Lachinayi samayankhula. Abale afike adzatenge thupi. Chilengezochi chachokera kwa oyang'anira chipatala cha Mikuyu Iwiri.

Ndawerenga monga chalembedwera, koma mtima sukundikhala pansi. Dzinali talimva sabata yonse, koma chipatala ndi china. Abale inu, kaoneni kaye ndi maso musanayambe kulira.

Loweruka masana

Bambo Fakiri Jamali, mlamu wa malemu, akudziwitsa abale a ku Benga, ku Chia, ku Salima ndi ku Dwangwa kuti mayi Kulusumu Jamali atisiya. Manda akukumbidwa kwa Mpalasa, sanda yokutira thupi yagulidwa kale, amayi asonkhana pasiwa. Lole inyamuka pa Benga 2 koloko kukatenga thupi, ndipo muli malo a anthu makumi atatu. Kuika ndi lero lomwe, ikatha swala, pemphero la madzulo. Chilengezochi chachokera kwa bambo Fakiri Jamali m'malo mwa banja lonse.

Kani thiransipoti ilipo! Ndinati kaoneni kaye, koma mwamva dzina lokha n'kunyamula makasu.

Musatseke wailesi. Chotsatirachi abwera nacho okha mayi Madina, athamanga pa kabaza, odwala awasiyira mayi Benedicta. Ali panja pano, akana mpando, akana ndi madzi omwe.

Mayi Madina Jamali akudziwitsa bambo Fakiri, amayi ali pasiwa, okumba manda ndi onse akudikirira lole kuti mayi Kulusumu Jamali ali moyo. Ali pabedi nambala seveni pomwe akhala masiku khumi, ndipo imfa yawo aimvera okha pawailesi ya mayi Benedicta, phala lili m'manja.

"Madina, ndafa liti ine?" anafunsa choncho mayi Kulusumu.

Kenaka anakumbukira amene ali ndi buku lawo, anaika bakuli pansi, nayamba kulira mlamu wawo wamkazi. Mayi Madina aimba foni ku Mikuyu Iwiri n'kufunsa ngati malemuwo ndi mayi wamtali, wa mpata m'mano ndi chipsera cha moto padzanja lamanja. Ayankhidwa kuti inde. Wamwalira ndi mayi Fauzia, akazi a bambo Latifu. Matenda awo enieni anatsala m'buku lonyowa lija. Madokotala amawerenga mbiri ya munthu wina, ndipo pambali pawo panalibe woti n'kunena kuti ayi, awa si Kulusumu. Anamwino amawaitana ndi dzina la eni ake mpaka mpweya womaliza.

Akufunsa kuti mudzi wonse, palibe mmodzi anadabwa kuti nanga Fauzia ali kuti masiku onsewa? Palibe amene amadziwa ngakhale chipatala chimene mayi Kulusumu agonekedwa, koma manda awo mwapeza malo ake pasanathe maola atatu.

Manda amenewo musakwirire, ali ndi mwini wake. Sanda munayezera msinkhu wa mayi Kulusumu, koma mayi Fauzia anali aatali, onjezerani. Lole inyamuke nthawi yake yomweyo. Bambo Latifu akumveka kuti ali cha ku Chia kufunafuna mbuzi, amene ali nawo pafupi awakhazike pansi awauze. Buku lija asavutike n'kubweza, alembamo kale kuti mwini wake wamwalira. Ndipo mwa anthu makumi atatu a m'lolemo, mukatha kuika, mmodzi yekha asabwerere kunyumba. Abwere pa bedi nambala seveni pakadali munthu.

Chilengezochi chachokera kwa mayi Madina Jamali, ndipo pansi pake adindapo chala mayi Kulusumu Jamali, amoyo.