Mzere wa Zilembo 72 wa a Ephraim Mphepo

Anamfedwa, atsogoleri a mpingo, mafumu ndi nonse mwasonkhana pano: a Ephraim Mphepo anatisiya Lolemba pa 11 Ogasiti 2025, ali ndi zaka 57.

Malemu anabadwa pa 3 Marichi 1968 kuno kwa Wimbe, ndipo anali achiwiri m'banja la ana asanu. Pulayimale anaphunzira konkuno, sekondale anamaliza mu 1988, ndipo mu 1991 anayamba ntchito ya ulangizi wa zaulimi kwa Kapelula. Pa 6 Ogasiti 1994 anamanga ukwati woyera ndi mayi Anesi. Anapuma pa ntchito mu 2019.

Chaka chomwecho mwana wawo Gladness anawaphunzitsa kompyuta. Posakhalitsa analowa m'gulu la anthu a m'maiko osiyanasiyana amene amakonza mongodzipereka pulogalamu yaulere, ija imatitumizira mauthenga pafoni onena tsiku lofesa nazale ndi lowokera fodya. Aliyense akhoza kukonzamo, koma potumiza amalemba uthenga wofotokoza zimene wasintha. Munthu asanauwerenge, makina amayamba awerenga zilembo za mzere woyamba. Zikapitirira 72, ntchito yonse imabwezedwa.

Ntchito yawo yoyamba, ya mu Juni 2020, inabwezedwa kanayi. Malemu ankayamba ndi moni, kufunsa za kunyumba ndi kupepesa posokoneza, monga timalembera makalata kuno. Masiku amenewo ankadandaula kwa mayi Anesi kuti makinawo sanaleredwe bwino. Anadzaphunzira kutsitsira moni m'munsi, ndipo m'zaka zisanu ntchito zawo 38 zinalandiridwa.

Mu 2024 anapeza kuti pulogalamuyo ikuuza alimi a kuno kufesa msanga ndi masabata awiri, mbande n'kumakulira pa nazale mvula isanagwe. Umboni sanaupeze mu ofesi. Unali m'makope a mayi Feliya Alick, tenanti wa pa esiteti ina kwa Kaomba, amene kwa zaka 11 akhala akulemba tsiku lililonse limene mvula yagwa.

Matenda a impso anayamba mu Epulo chaka chino. Pa 28 Julayi, ali gone kuchipatala, anatumiza masiku ofesera amene anawakonza, dzina la mayi Feliya lili pa mzere woyamba. Zilembo zinakwana 81 ndipo makina anabweza. Anzawo a m'gululo anawalangiza kutsitsira dzinalo m'munsi. Malemu anakana. Anati moni anavomera kutsitsa, koma mzere woyamba ndi umene aliyense amaona, ndipo tenanti wakhala akulembedwa m'munsi nthawi yaitali mokwana. Mphamvu zinawathera asanafupikitse.

Dzulo Lachiwiri, anthu akumanga zisakasa pabwalo pano, Gladness anatsegula kompyuta ya bambo ake. Anachotsa mawu ena awiri, dzina analisiya. Zilembo zinatsala 70, anatumizanso, ndipo makina avomera.

Malemu asiya mayi Anesi, ana atatu, Gladness, Patrick ndi Zakeyo, komanso zidzukulu ziwiri. Banja likuthokoza anamwino amene anawasamalira, amayi a Chigwirizano, adzukulu akumanda, a Lameki amene anapereka galimoto, ndi mayi Feliya amene ayenda kuchokera kwa Kaomba ndipo ali nafe pano. Mzimu wa bambo athu uuse mumtendere.

Chatsala ndi chimodzi. Makina akavomera, pamafunika munthu wa m'gululo awerenge ndi kuvomereza. Mauthenga a chaka chino ayamba kupita kwa alimi pa 1 Sepitembala, kwatsala masiku 19. Mmawa uno wina mwa oyang'anira pulogalamuyo analemba kuti wayamba kuwerenga. Pamene timanyamuka kunyumba kubwera kuno, yankho lake linali lisanafike.